Lilime la a Luckson

Munthu akadya kobula, keke ya ku Amereka ya tizipatso totchedwa mabuluberi, sangabise. Apukute pakamwa, amwe madzi, alumbire kuti pali Mulungu, lilime limuulula basi. Limasanduka labuluu wakuda ngati la mwana amene watafuna bolopeni m'kalasi, ndipo mtunduwo suchoka msanga. Ndinazidziwa zimenezi tsiku loyamba lomwe Madamu Jean anandiphunzitsa kuphika chakudyachi, choncho zimandipsetsa mtima mpaka lero kuti ine Watipaso, mkazi wa maso anga awiri, ndinatha miyezi osayang'ana m'kamwa mwa a Luckson.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Mankhool, pa fulati ya pamwamba penipeni, kwa Madamu Jean, mayi wa ku Amereka amene amaphunzitsa pasukulu ina kuno ku Dubai. Kwathu ndi ku Kasungu. Ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, kamene ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri, koma sindidandaula chifukwa Madamu si munthu wovuta. Vuto lawo n'limodzi: saphika kobula ali chete.

Akangokhuthula zipatso m'mbale ya galasi, ulaliki umayamba, ndipo mutu wake susintha. Akuti makolo awo atawoloka nyanja kuchoka ku Ulaya anakapezeka kudziko kopanda uvuni, kopanda zophikira zomwe anazolowera, ngakhale zipatso zakwawo kunalibe. Ndiye azimayi ankatola zipatso zakutchire, zimene eni dzikolo ankadya kuyambira kale, n'kuziika mumphika wachitsulo. Pamwamba ankangoponyapo zibulumwa za ufa wokanda, osasalaza n'komwe, kenako makala pansi, makala ena pachivundikiro.

"Madamu, chimenecho ndi chigumu," ndinawauza tsiku loyambalo. "Kwathu timaphika choncho kumene. Kungoti ife nthochi timazikandira mu ufa momwemo, inu zipatso mumazibisa pansi."

Anaseka mpaka kugwira tebulo, lilime lili buluu. Ndinaseka nawo, koma ndisaname, nkhaniyo inandikhudza. Ndinaganiza za azimayi aja ali pakati pa tchire lachilendo, akulakalaka zakwawo, akuphika ndi zomwe apeza. Ndinati kumtima, chakudya ichi n'cha anthu ngati ine, osati cha anthu okhala pakhomo pa amayi awo. Ndinachiphunzira ndi mtima wonse. Zipatso umazithira shuga ndi timadzi ta ndimu, batala wozizira umamufikisa mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zikhale ngati mchenga, mkaka pang'ono, ndipo sukanda ngati ukuchapa jinzi. Chikapsa, msuzi wa zipatso umatumphuka m'mbali, fungo n'kudzaza nyumba mpaka kukhonde la lifiti.

A Luckson ndi mlonda wa pakhomo la nyumba yathuyi, asekyuriti monga timanenera kuno. Ndi a ku Ntcheu, aatali, ndipo amasita yunifolomu mpaka mzere wa thalauza ukhoza kukucheka. Tinadziwana tsiku lina nditaima podikirira lifiti, ndikukalipira mng'ono wanga pafoni. Nditadula ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Pepani mayi, si zanga, koma mwanayo mwamukalipira m'Chichewa chokoma kwambiri."

Munthu ukakhala kudziko kwa eni, mawu ngati amenewo amakukumbutsa kwanu. Tinayamba ndi moni, kenako kufunsana zakumudzi, kenako ndinapezeka ndikutsika kukataya zinyalala zimene zikanatha kudikira mawa. Madamu anazindikira ine ndisananene. Anandiuza kuti mabuluberi amene ayamba kufewa mufuriji ndisamataye, ndiziphikira "mnzanga wa pansiyo". Basi Loweruka lililonse kambale ka kobula kankatsika ndi lifiti kali kotentha, masana n'kubwerera kali kotsukatsuka.

"Mwaphika, Wati," ankatero a Luckson pondibwezera mbaleyo. "Manja anuwa ndi odala."

Ankanena akumwetulira, mano ali mbee, ine wopusa n'kumakondwera ndi mano oyerawo.

Pakhomopo a Luckson sakhala okha. Ali ndi mnzawo wa ku Nepal, dzina lake Bishal, kamunthu kakafupi kamene poyamba sikankandiona n'komwe. Patapita masabata angapo Bishal anasintha. Ndikangotulukira ndi majumbo a kusitolo ankathamanga kudzandilandira, kunditsegulira chitseko, kundidinira batani la lifiti ngati ndilibe zala. Ankanditchula kuti didi, kwawoko ndiye kuti achemwali. Masaya akenso anayamba kudzaza. Ndinaganiza kuti akundilemekeza chifukwa ndine chibwenzi cha mnzake, ndipo ndinati anthu a ku Nepal ndi aulemu zedi.

Kenako inafika nthawi yoti ndisankhe. Kontilakiti yanga inali kutha, ndipo Madamu anandifunsa ngati ndiwonjezere zaka zina kapena andigulire tikiti yobwerera kwathu. Amayi kumudzi anali atatopa kale ndi kundionera pafoni. Chondisunga ku Dubai chinali chimodzi, ndipo chinkavala yunifolomu. Ndinawauza a Luckson mosapsatira kuti ngati akundifuna anene, ndikhale tikonzekere chinkhoswe, apo ayi ndilongedze. Anati akundifuna, koma ankhoswe awo ndi amalume awo a Stafford, amene amagwira ntchito yochapa pahotelo ina ku Deira, ndipo palibe chingachitike asanandione. Tinapangana za Lamulungu masana m'mbali mwa Creek, mtsinje wogawa mzindawu pakati. Madamu ndinawalonjeza yankho Lolemba.

Loweruka, mawa lake n'kukaonekera, ndinatsitsa kobula monga mwa masiku onse. Masana nditapita kukatenga mbale, a Luckson anandiyamikira manja anga odala aja, kenako anaitanidwa kukaona galimoto ina imene inatseka njira kumalo oimikako magalimoto. Tinatsala awiri ndi Bishal. Munthuyo anali atakhuta, ndipo anayasamula. Sanatseke pakamwa.

Ndinaona lilime. Linali buluu kuyambira kunsonga mpaka kukhosi.

"Bishal, wadya chiyani?"

"Keke yanu, didi," anayankha m'Chingerezi chake chothyokathyoka chija, akusisita mimba. "Bahut accha. Yokoma kwambiri."

"A Luckson anakugawirako?"

Anandiyang'ana modabwa. Anati kugawira ayi, amamupatsa yonse, kuyambira Loweruka loyamba. Akuti a Luckson amamukhazika pampando, kumupatsa supuni, iwo n'kukhala poteropo kumamuyang'anitsitsa mpaka amalize. Akamaliza amamufunsa mafunso: ukumva bwanji mumtima, usiku ukugona bwino, ukuganiza za ndani? Kenako amaimbira foni amalume awo kuwauza mayankho.

"Ndiye iwe umayankha kuti chiyani?"

"Ndimanena zoona, didi. Ndimati ndikuganiza za inu. Makamaka Lachisanu, ndikakumbukira kuti mawa ndi Loweruka."

Sindinafunikire wondimasulira. Mmalawi aliyense akanamva. Anthu awiri aakuluakulu, a ndevu zawo, anagwirizana kuti chakudya changa ndathiramo kondaine, mankhwala aja amati mkazi amadyetsa mwamuna kuti apusire iye yekha. Ndipo poopa kufa nazo okha, anasandutsa mwana wa eni wa ku Nepal mbewa yoyeserapo.

Ndinakwera lifiti ndili ndi ukali. Ine Watipaso, woimba kwaya chiyambire ndili kamtsikana, ndithire mankhwala m'mbale ya Madamu? Amati mankhwala amenewo amafuna mchira wa buluzi. Buluzi ndikanamupeza kuti pamwamba pa nyumba yosanja ngati iyi, pomwe ngakhale ntchentche imafika itatopa? Ndinatsuka mbale yotsukatsuka kale mpaka inalira. Kenako ndinakhala pansi m'kachipinda kanga n'kulira ineyo. Kunditenga ngati mfiti sikunandiwawe kwambiri ayi. Chinandiwawa n'choti Loweruka lililonse munthu ankandiyang'ana m'maso n'kundiyamikira chakudya chimene sanalawe, chakudya chimene ndinkamupatsa pofuna kunena zinthu zimene pakamwa panga pankachita nazo manyazi.

Lamulungu nditabwera kutchalitchi ndinagula mabuluberi abwino, osati ofewa aja, n'kuphika kobula wamkulu m'mbale ya alendo. Madamu anasuzumira kukhitchini atamva mmene ndimamenyetsera zitseko za kabati, anayang'ana nkhope yanga, n'kubwerera chamsana osafunsa kanthu. Ndinavala chitenje changa chatsopano, n'kuvundikira mbale ndi foyilo, masupuni atatu m'chikwama, ulendo wa kukakwera abra, timabwato tamatabwa timene timawolotsa anthu pa Creek kupita ku Deira.

Ndinawapeza atakhala pabenchi pafupi ndi pokocheza mabwato. A Luckson anali atavala shati yoyera, yosita ngati akupita kukafunsira ntchito kubanki. A Stafford anali bambo onenepa, a jekete dzuwa lonse la Dubai lija, Baibulo m'khwapa, kapu ya tiyi wa karaki pambali pawo. Ndi mkulu wa mpingo pa mapemphero a Amalawi ku Deira. Ndinanyonyomala n'kuwapatsa moni monga ndinaleredwera, chifukwa ukali wanga sunali chifukwa chochititsira manyazi amayi anga.

"Takulandirani, mayi. Mbiri yanu tinaimva," anatero a Stafford.

Anandifunsa mudzi, mfumu, mpingo, makolo, ngati ndinakwatiwako. Ndinayankha zonse bwinobwino. Atatha mafunso ndinaika mbale pakati pa benchi n'kuchotsa foyilo. Fungo linakwera. A Stafford anasendera kumapeto kwa benchi mpaka thako limodzi linatsala m'malere.

"Sindikanabwera chimanjamanja kwa amalume," ndinatero, ndikuwapatsa supuni.

"Zikomo mayi, koma ine ndili ndi shuga," anayankha, akubisa kapu ya karaki kuseri kwa mwendo. Tiyi ameneyo aliyense amadziwa kuti supuni ikhoza kuimirira yokha ndi shuga.

"Ndiye a Luckson, idyani inu, poti mumachikonda."

"Aa, ndangodya kumene, Wati. Tikadyera kunyumba."

"Kunyumba kwake kwa Bishal?"

Ndinatenga supuni yanga, ndipo monga timachitira kwathu kuti wopereka chakudya ayambe walawa, ndinatapa chibulumwa chachikulu, msuzi ndi zipatso zomwe, n'kudya pamaso pawo. Ndinatapanso kachiwiri. Kenako ndinachita chinthu chimene mkazi wolongosoka sachita pamaso pa ankhoswe: ndinatulutsa lilime.

"Mwaliona? Aliyense wodya chakudyachi lilime lake limatere. La Bishal dzulo linali chonchi. Lanu, a Luckson, miyezi yonseyi lakhala lili psuu ngati la mwana wakhanda."

A Stafford sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anakhosomola n'kukonza jekete.

"Mayi, tisapsetsane mitima. Zinthu zimenezi mwiniwake sizimugwira, aliyense amadziwa. Ine ndakhala kunja kuno nthawi yaitali, ndaona anyamata akutha. Chakudya chanji chotuluka madzi a mtundu umenewo? Ndinamuuza mwana wa mchemwali wangayu kuti tiyambe tayesa, ndipo zotsatira mwaziona nokha. M'Nepali uja sadziwa ndi liwu limodzi la Chichewa, koma lero akukunyamulirani majumbo, akuti amakuganizani."

"Amaganiza za mimba yake, amalume."

"Nanga uyu?" Analoza a Luckson ndi Baibulo. "Anzake kukampu komwe amakhala akuti sagona. Amaseka yekha ali pantchito. Mpira anasiya kuonera. Tsiku la ofu kale ankabwera kudzandiona, pano foni yanga sayankha n'komwe. Zizindikiro zonse zakwana."

"Chonsecho sanadye."

"Ndi fungo lokha limenelo," anatero a Stafford, akugwedeza mutu mwachisoni. "Nanga akanadya bwenzi zili bwanji?"

Pamenepo ndinasiyana nawo a Stafford. Munthu wotere ngakhale mngelo atatsika ndi kalata, angafunse kuti inkiyo ndi ya mtundu wanji. Ndinatembenukira kwa mwini nkhani.

"A Luckson, amalume anena zawo. Inuyo mukuti bwanji?"

Anayang'ana nsapato zawo zopolisha ngati yankho lalembedwa pamenepo.

"Wati, amalume ndi aakulu. Sikuti ndikukukayikirani ayi. Tingodikira pang'ono basi, inshallah, tione mmene Bishal athere."

Ndinamva ngati andithira madzi a mufuriji. Ukali wonse unatha, panangotsala chisoni. Ndinabwezera foyilo pambale mosamala, kukanikiza m'mbali monse. Ndinanyonyomalanso kwa a Stafford n'kuwathokoza chifukwa cha nthawi yawo.

"Khalas, zatha," ndinawauza a Luckson. "Mudikire bwino. Ine mawa ndikauza Madamu andigulire tikiti."

Abra inali itatsala pang'ono kudzaza. Ndinakhala pakati pa mayi wina wa ku India ndi anyamata awiri a ku Philippines, mbale pamiyendo, maso kumadzi kuti asaone misozi. Woyendetsa anakuwa "Yalla, yalla!" kuti tizipita, injini n'kuyamba kugunda, bwato n'kusiyana ndi doko. Ndinali nditayamba kale kuganiza za zomwe ndikawauze amayi.

Kenako bwato lonse linagwedezeka ngati lagundidwa ndi ng'ombe. Anthu anakuwa. Woyendetsa anatukwana m'zilankhulo zingapo. Pamapazi panga panali a Luckson, atagwa chogwada, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, nsapato yake ikuyandama kumbuyo kwathu. Padoko a Stafford anali ataimirira, akukupiza Baibulo m'mwamba.

"Luckson! Iwe Luckson! Usadye! Ndikauza amako!"

A Luckson sanacheuke. Sanandipemphe n'komwe. Anakoka mbale pamiyendo panga, kung'amba foyilo, n'kufunafuna supuni. Masupuni anali atatsala pabenchi. Anapisa dzanja lonse.

Ndaonapo anthu akudya, koma sindinaonepo munthu akudya ndi nkhope ya munthu wolowa m'chipinda cha opaleshoni. Anatseka maso, kuponya m'kamwa, kumeza. Anadikira. Kenako maso anatseguka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mantha akusanduka chinthu china.

"Wati," anatero, pakamwa pali podzaza, "kodi Bishal wakhala akudya zimenezi?"

"Loweruka lililonse."

"Galu ameneyo."

Anapisanso dzanja, ulendo uno mosatseka maso. Msuzi unatsika m'chigongono, kudontha pashati yoyera ija, kufika pathalauza. Mayi wa ku India anakokera sari yake kutali. Anyamata aja anatulutsa mafoni. Tili pakati pa madzi mbale inali itafika theka, mawu a a Stafford akumveka ngati kambuzi kolira kutsidya. A Luckson anaima kaye, n'kuika dzanja lawo lina pachifuwa ngati akumvetsera mtima.

"Kodi zimayamba kugwira nthawi yanji?"

Ndinafuna kuwakankhira m'madzi, Mulungu ndi mboni.

"Mukumva bwanji?" ndinafunsa mokalipa.

"Chimodzimodzi ngati dzulo. Chimodzimodzi ngati mwezi watha." Anandiyang'ana, ndipo ulendo uno sanathawitse maso. "Wati, ine tulo ndinasiya kupeza tsiku lija munkakalipira mng'ono wanu pa lifiti. Mbale yoyamba inabwera ine nditatha kale. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinakunamizani. Pepani. Ngati mwathiramo kanthu, muzithirabe. Koma tikitiyo musagule."

Ndinatembenukira kumadzi. Iwo anaganiza kuti sindinakhutire. Anaimirira m'bwato mogwedezekamo, woyendetsa akuwakalipira kuti akhale pansi, n'kutembenukira ku Deira kumene jekete la a Stafford linkaonekabe, n'kutulutsa lilime lonse kuti amalume awo alione. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundionetsanso, ngati mwana woonetsa mphunzitsi kuti wameza mankhwala. Ndinaliyang'ana bwinobwino, poti ndinali nditaphunzira. Linali buluu mpaka kukhosi.

"Khalani pansi musanagwere m'madzi," ndinatero. "Ndipo malizani, Bishal sakulawanso."

Anakhala pambali panga, phazi la sokosi lili panja, chibwano chonse chili msuzi. Ndinalibe kansalu, ndiye ndinawapukuta ndi nsonga ya chitenje changa chatsopano chija. Banga lake silinachoke. Lolemba, nditawauza Madamu kuti ndikhala, analiona chitenjecho pachingwe n'kundiuza kuti akudziwa njira yochotsera banga la mabuluberi, madzi owira ndi ndimu basi. Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti alisiye.